Kudzutsa njinga yakale ya maulendo aatali: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Sabata yoyamba

Njinga ija ndabwera nayo, ndipo yaima pamalo ogwirira ntchito fumbi lake lonse likadali pomwepo. Ndi njinga yachitsulo ya maulendo aatali, mtundu umene unapangidwira munthu wofuna kuyenda masiku ambiri atanyamula zovala, tenti ndi zophikira panjinga pomwepo. Bambo amene anandigulitsa anati inakhala m'chipinda chosungiramo katundu zaka zoposa 10, ndipo iwonso anaigula kwa munthu wina. Dzina la kampani imene inaipanga silikuoneka, chifukwa mmodzi mwa eni ake akale anaipaka penti wobiriwira wokhuthala amene anakwirira zolemba zonse, ndipo kachizindikiro kakumutu kanagwa kalekale n'kusiya timabowo tiwiri tokha. Wogulitsayo ananenetsa kuti ndi ya ku Britain ndiponso kuti mapaipi ake ndi a Reynolds 531, mtundu wa chitsulo chapamwamba chopangira njinga. Mawu amenewa ndawalemba, koma sindinawawerengere pogula.

Cholinga changa ndachilemba papepala n'kulipachika pakhoma kuti ndisadzachiiwale ntchito ikafika pakati. Njingayi ndikuikonza kuti iziyenda ndi katundu, osati kuti iime pabalaza anthu aziisirira. Chipangizo chakale chimene chikugwirabe bwino ntchito chidzatsala, ndipo chimene sichingadalirike pa mtunda wautali chidzachoka, ngakhale chikongole chotani.

Chimene chinandichititsa kuitenga ndi zomwe inandiuza tepi yoyezera imene ndinapita nayo m'thumba. Kuchokera pakati pa bottom bracket, pomwe pamazungulira mikono ya mapedulo, kufika pa ekiselo yakumbuyo ndinapeza mamilimita 450. Njinga zampikisano zimakhala ndi mamilimita pafupifupi 410 pamalo omwewo, ndipo kusiyana kwa zala ziwiri kumeneku n'kumene kumathandiza kuti chidendene chisamagunde chikwama chopachika pa kaliyala munthu akamapalasa. Kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika yakumbuyo pali mamilimita 1,050, kutalika kumene kumachititsa njinga kuyenda modekha ikalemedwa. Kumapeto kwa foloko komanso kumbuyo kuli timabowo tiwiritiwiri ta mabawuti, kena ka madigadi ndipo kena ka kaliyala. Pakati pa miyendo ya foloko palinso timabowo tomangirapo kaliyala wam'munsi, malo oikamo mabotolo a madzi alipo atatu, ndipo mabuleki ndi a cantilever, aja amene amakhala pa timitengo tachitsulo towotcherera ku fulemu n'kusiya mpata wokwanira tayala lalikulu ndi madigadi. Penti angabise dzina, koma zinthu izi sangazibise, ndipo n'zimene zimasiyanitsa njinga ya maulendo ndi njinga wamba yokhala ndi mahandulo opindika.

Njinga zoterezi zinachuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1976 anthu pafupifupi 4,000 anachita nawo ulendo wa panjinga wotchedwa Bikecentennial ku United States, ena mwa iwo n'kudutsa dziko lonselo pakati pa Oregon ndi Virginia, ndipo m'zaka zotsatira makampani anapikisana kupanga njinga zonyamula katundu. Trek 520 ndi Specialized Expedition zinatuluka mu 1983, Miyata 1000 ya ku Japan inatchuka m'nyengo yomweyo, pomwe ku Britain Dawes Galaxy inalipo kale kuyambira mu 1971. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 mitima ya ogula inatembenukira ku njinga za m'mapiri, ndipo zambiri za maulendo zinangopachikidwa zisanayende n'komwe mtunda umene zinapangidwira. N'chifukwa chake mpaka lero zimapezeka zili ndi moyo.

Sabata yachiwiri

Ndisanamasule bawuti ngakhale imodzi ndinayamba ndafufuza ngati fulemu ili yoti munthu n'kutayirapo nthawi, popeza china chilichonse panjinga chimasinthika kupatula fulemuyo. Penti watsopano pa njinga yakale amandikumbutsa chikomekome cha nkuyu, motero nditatsuka fumbi ndinayendetsa chala pansi pa paipi ya pamwamba ndi pansi pa paipi yotsika, kuseri kwenikweni kwa malumikiziro akumutu. Njinga imene inawombapo chinthu chamaso imakwinyika pamalo amenewa, ndipo kakhwinya kake chala chimakamva maso asanakaone. Apa panali posalala. Foloko nayo ndinaiyang'ana cham'mbali kuti ndione ngati mbali yakumtunda ya miyendo yake ikutsata mzere wa paipi yakumutu, chifukwa foloko yogundidwa imabwerera m'mbuyo, ndipo ndinapeza kuti ili m'malo mwake.

Kenaka ndinachita muyeso wa chingwe. Ndinamanga ulusi wolimba pa kampata kakumanja komwe ekiselo yakumbuyo imalowa, n'kuuzunguliza kutsogolo kwa paipi yakumutu, n'kubwera nawo kudzaumanga pa kampata kakumanzere. Ulusi ukakungika umadutsa mbali zonse ziwiri za paipi ya chishalo, ndipo ngati fulemu ili yowongoka mipata iwiriyo imafanana. Kusiyana kunali milimita imodzi yokha, zimene sizingamveke popalasa.

Dzimbiri lilipo m'malo awiri. Loyamba lili pa timagolo todutsamo waya wa buleki pamwamba pa paipi, pomwe thukuta la wopalasa limadonthera, ndipo lachiwiri lili kuseri kwa bottom bracket komwe matope amakhazikika. Nditapala ndi sandipepa ndinapeza chitsulo chowala pansi pake popanda maenje, kutanthauza kuti ladya pamwamba pokha. Dzimbiri loopsa ndi lija loyambira m'kati, limene limatupitsa penti ngati matuza, ndipo loterolo sindinalione.

Vuto ndinalipeza pomwe ndinayenera kuyang'ana ndisanapereke ndalama. Ndodo ya chishalo yakana kusuntha. Ndinamasula bawuti yake mpaka kuichotseratu, ndinagwira chishalo ndi manja awiri n'kupotokola, koma zonse zinali gwa, ngati zinaumbidwa pamodzi. Ndodoyi ndi ya aluminiyamu, fulemu ndi yachitsulo, ndipo zitsulo ziwirizi zikagundana kwa zaka zambiri popanda gilisi, madzi n'kumalowa, aluminiyamu amapanga ufa woyera umene umafufuma n'kudzaza kampata konse. Kuyesa zimenezi pogula kumatenga mphindi imodzi, ndipo ine mphindi imeneyo ndinaithera poyeza mapaipi. Mwayi wake khosi la mahandulo, limene limagwidwanso ndi matenda omwewa, linatuluka nditangomenya bawuti yake kamodzi ndi nyundo.

Sabata yachitatu

Kuti mafuta olowerera afike kumunsi kwa ndodo ya chishalo ndinayenera kuchotsa kaye bottom bracket, ndipo apa m'pomwe njinga zakale zimasocheretsa anthu. Mazinga ake sanali ofanana m'mayiko onse. A Chingerezi ali ndi chikho chakumanja (chosunga timipira tachitsulo) cha mazinga obwerera, chimene chimamasuka munthu akamachizunguliza motsata mivi ya wotchi, pomwe a Chifalansa ndi a Chitaliyana ali ndi mazinga wamba mbali zonse ziwiri. Wolakwitsa mbali amangomangitsa chikho chimene akufuna kumasula, ndipo akawonjeza mphamvu amawononga mazinga a fulemu. Nditapukuta gilisi wakuda pa chikhocho ndinawerenga 1.37 x 24, ndipo chigoba chake ndi cha mamilimita 68 m'lifupi. Ndi mazinga a Chingerezi, amene zipangizo zake zimapangidwabe mochuluka. Izi sizikutsimikiza mawu a wogulitsa uja, chifukwa njinga za ku Japan ndi za ku United States zinkagwiritsanso ntchito mazinga omwewa.

Fulemu ndinaizondotsa, ndipo kwa masiku 6 ndinkathira mafuta olowerera kudzera m'chigoba cha bottom bracket m'mawa ndi madzulo. Moto sindinauyandikize. Aluminiyamu akatenthedwa amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, motero kutentha kukanangoimangitsa ndodoyo n'kupsereza penti. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinachotsa chishalo, ndinapanitsa mutu wa ndodo m'vayisi, chida chopanira zitsulo, fulemu ili chadodolido pamwamba pake, n'kugwira paipi yakumutu ndi dzanja limodzi, kumbuyo ndi linalo, kuti fulemu yonse ikhale ngati sipanala yaikulu. Kawiri sipanachitike kanthu. Kachitatu kunamveka kulira kwakuti thwa, kokweza moti ndinaganiza kuti chitsulo chathyoka, koma inali ndodo ikusiyana ndi paipi. Kuchokera pamenepo inali ntchito ya theka la ola yopotokola uku ndi uku kwinaku ndikukoka, ndodo ikulira ngati chitseko chakale, mpaka inatuluka itayera mbee ndi ufa uja, yotentha yosagwirika.

Pansi pa ufawo panali nambala imene ndinkaifuna, 27.2. Paipi ya chishalo ya njinga za nthawi imeneyo ndi ya mamilimita 28.6 kunja kwake, choncho ngati ikulandira ndodo ya mamilimita 27.2 ndiye kuti khoma lake pamenepo n'lopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.6. Chitsulo chotchipa sichingapyapyale chonchi, n'chifukwa chake njinga wamba zimalandira ndodo zocheperapo, za mamilimita 25.4 kapena 26. Mapaipi abwino amakhala okhuthala kumapeto komwe amawotchereredwa ndi opyapyala pakati, luso limene kampani ya Reynolds ya ku Birmingham inalembetsa mu 1897. Chitsulo chake cha 531, chosakaniza ndi manganese ndi molybdenum, chinatuluka mu 1935. Komabe makampani ena monga Columbus ya ku Italy ndi Tange ya ku Japan ankapanganso mapaipi abwino opyapyala, ndiye chimene nambalayi yandiuza n'chakuti fulemu ndi yapamwamba, osati dzina la amene anasula chitsulo chake. Kwa ine zimenezo n'zokwanira, ndipo sindidzamatapo chizindikiro cha kampani iliyonse.

Za msinkhu wake ndapezako kachidziwitso. Kuseri kwa derailleur yakutsogolo, kachipangizo kosamutsa tcheni pa mbale za mano, kuli zilembo ziwiri, HC. Kampani ya Shimano, imene inapanga kachipangizoka, inkalemba chaka ndi mwezi mwa njira imeneyi, chilembo A chikuimira 1976, motero H ndi 1983 ndipo C ndi mwezi wachitatu. Zilembozi zikunena za chipangizocho osati za fulemu, ndipo njinga yadutsa m'manja ambiri, koma chakachi chikugwirizana ndi zina zonse zimene ndaona.

Sabata yachinayi

Sabata ino inali yotsuka ndi kupaka gilisi, ntchito yosafuna nkhani zambiri. M'kati mwa mapaipi ndapoperamo mafuta oteteza dzimbiri, ndipo malo amene ndinapala ndawapaka penti wapansi. Gilisi wakale anauma ngati phula. Timipira tachitsulo ndasintha tonse: 11 mbali iliyonse ya bottom bracket, 10 mbali iliyonse ya habu yakutsogolo, chipangizo chapakati pa wilo pomwe masipoko amakolekedwa. Kufunika kwa zipangizo zamtundu wakalewu n'kwakuti zimatseguka ndi masipanala wamba ndipo munthu amaona ndi maso chimene chatha.

Nditafika pa habu yakumbuyo ndinagubuduza ekiselo pagalasi, ndipo inayenda motsimphina. Ndi yopindika. Limeneli ndi vuto lodziwika la mahabu a fuliwilo: magiya onse amamangidwa ndi mazinga kunja kwa habu, zimene zimakankhira timipira takumanja m'kati, n'kusiya chigawo chachitali cha ekiselo chopanda chochirikiza. Magiya akachuluka chigawocho chimatalika, ndipo katundu wolemera amachipinda pang'onopang'ono mpaka tsiku lina chimathyoka. Malimu nawo adyeka m'mbali moti apanga kakhwawa, ndipo masipoko angapo achita dzimbiri. Mawilo onse awiri ayenera kusinthidwa.

Sabata yachisanu

Apa ndiyenera kulemba cholakwa changa mwatsatanetsatane, chifukwa chandidyera masiku ambiri. Ndinapeza mawilo abwino ogwiritsidwapo kale ntchito, a masipoko 36 lililonse, okhala ndi habu ya kaseti (mtundu wina wa magiya akumbuyo, wosiyana ndi fuliwilo) imene timipira take takumanja timakhala kufupi ndi mapeto a ekiselo, ndipo ndinawagula tsiku lomwelo ndisanayeze kalikonse. Kuthamanga sikufika.

Mawilo akale anali a mainchesi 27, atsopanowa ndi a 700C. Pamaso amaoneka ofanana, koma limu ya mainchesi 27 ndi ya mamilimita 630 pomwe tayala limakhazikika, ndipo ya 700C ndi ya mamilimita 622. Tayala la mtundu umodzi silingalowe pa limu ya mtundu winawo. Kusiyana kwa mamilimita 8 kumeneku kukutanthauza kuti m'mphepete mwa limu mwatsika ndi mamilimita 4, ndipo mphira za mabuleki ziyenera kutsika chimodzimodzi. Zimenezi ndinkazidziwa. Chimene sindinachiganizire n'chakuti timitengo ta mabuleki a cantilever tinawotchereredwa pamalo oyenera limu yakale, ndipo mabuleki amene anabwera ndi njingayi alibe kampata kotsitsira mphira. Nditamanga wilo lakutsogolo n'kufinya buleki, mphira zinakagwira theka limu, theka tayala. Buleki yotere imang'amba tayala m'mbali pa chitsetse choyamba.

Ndinaganiza zogula mabuleki amakono, koma ulendo uno ndinayamba ndayeza. Timitengo ta foloko yanga n'totalikirana mamilimita 62, pomwe mabuleki amakono anapangidwira timitengo totalikirana pafupifupi mamilimita 80. Akanati alowe, mikono yake ikanakhadzuka ndipo mphira zikanafika pa limu mopendekeka. Kwa masiku awiri ndinalingalira zobwerera ku mainchesi 27, ndipo maganizo amenewa si opusa, popeza matayala a 27 x 1 1/4 akupangidwabe ndipo munthu woyenda kufupi ndi kwawo sangavutike nawo. Koma njinga ya maulendo imafunika tayala limene lingapezeke kutali, tsiku limene lakale lang'ambika, ndipo pa mfundo imeneyi 700C ili patsogolo kwambiri. Palinso phindu lina laling'ono: limu ikatsika ndi mamilimita 4, pansi pa foloko pamatsala mpata wokulirapo wa madigadi.

Yankho linachokera m'bokosi la zipangizo zakale la mnzanga wina wokonza njinga, momwe munali mabuleki a cantilever a m'zaka zomwezo, opangidwira timitengo toyandikana koma okhala ndi kampata kotalika kokwezera ndi kutsitsira mphira. Ndinatsitsa mphira mpaka kumapeto kwa kampatako ndipo zinafika pakati penipeni pa limu. Mphirazo ndaika zatsopano, chifukwa zakale zinauma ngati mtengo, ndipo ndazipendeketsa pang'ono kuti nsonga yakutsogolo iziyamba kugunda, zimene zimathetsa kulira.

Kumbuyo kunali nkhani ina ya mamilimita 4. Mpata wa fulemu ndi wa mamilimita 126, umene unali muyeso wa magiya 6 ndi 7, pomwe habu yatsopano ndi ya 130. Chitsulo chimalola. Ndikakoka miyendo yakumbuyo ndi zala, wilo limalowa, mbali iliyonse itatanuka mamilimita awiri okha. Fulemu ya aluminiyamu sindikanaichita zimenezi. Pakadali pano ndazisiya choncho, ngakhale kuti kubwezera wilo pambuyo pomata chubu kuzifuna kuleza mtima pang'ono.

Patapita masabata awiri

Magiya ndiwo andiganizitsa kwambiri, chifukwa apa m'pomwe kukonda zakale kumalimbana ndi mawondo. Njingayi inabwera ndi mbale zitatu kutsogolo, za mano 50, 46 ndi 28, ndi fuliwilo ya magiya 6 kuyambira mano 14 mpaka 28. Munthu wozolowera njinga zamakono angadabwe kuti mbale ziwiri zikusiyana ndi mano 4 okha. Dongosolo limeneli ankalitcha half-step, ndipo nzeru yake inali yakuti popeza magiya akumbuyo anali ochepa ndi otalikirana, mbale yachiwiri izidzaza theka la mpata uliwonse, pomwe kambale kakang'ono kasungidwire mapiri. Ndi masamu okoma, ndipo ndimalemekeza amene anawaganiza, koma kuti upeze giya yotsatira umayenera kusintha kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, ndipo munthu wotopa madzulo sawerenga bwino.

Chodetsa nkhawa chenicheni chinali giya yotsikitsitsa. Mano 28 kutsogolo ndi 28 kumbuyo akutanthauza kuti mapedulo akazungulira kamodzi wilo limazunguliranso kamodzi, njinga n'kuyenda pafupifupi mamita 2.16. Popanda katundu zimenezo n'zokwanira, koma ndi makilogalamu 20 pa chikweza chachitali munthu amatsika n'kuyamba kukankha. Ndinayeza mabawuti a mbale ndipo ndinapeza mamilimita 64.7 pakati pa awiri oyandikana pa mbale zazikulu, ndi 43.5 pa yaing'ono. Manambalawa akusonyeza muyeso wa 110 ndi 74 (kukula kwa mzere wozungulira wa mabawutiwo m'mamilimita), umene mbale zake zimapezekabe mosavuta, ndipo yaing'ono kwambiri imene ingalowe pa 74 ndi ya mano 24. Choncho mikono ya mapedulo yakale yatsala, koma mbale tsopano ndi 46, 36 ndi 24. Kumbuyo ndaika kaseti ya magiya 7, mano 12 mpaka 32, ndi kamphete ka mamilimita 4.5 kuseri kwake kodzaza malo otsala pa habu. Giya yotsikitsitsa tsopano ikuyendetsa njinga mamita 1.62 pa kuzungulira kumodzi, ndipo yokwezetsa ikupitirira pang'ono mamita 8, liwiro limene munthu wonyamula tenti salifuna kawirikawiri.

Derailleur yakumbuyo ndi ya kampani ya SunTour, ndipo imeneyi sindinaganizepo zoichotsa. Mu 1964 kampaniyi inatulukira kapangidwe kopendeketsa thupi la derailleur kuti kawilo kake kakumtunda kazitsata magiya motalikirana mofanana kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Umwini wa luso limeneli utatha mu 1984, makampani ena ambiri analitengera, ndipo ma derailleur a lero akuyendabe pa nzeru yomweyo. Nditaitsuka n'kuthira mafuta, ikusintha bwino ngati yatsopano. Malire ake ndi akuti singakunge tcheni chonse chotsala ndikakhala pa kambale ka 24 ndi magiya ang'onoang'ono akumbuyo, ndipo tcheni chimalendewera. Ndasankha kutalika kwa tcheni kokwanira mbale yaikulu ndi giya yaikulu pamodzi, chifukwa tcheni chofupika chimathyola zinthu pomwe cholendewera chimangosokosa, ndipo magiya amenewo sindiwagwiritsa ntchito.

Zosinthira magiya zili kumapeto kwa mahandulo ndipo n'zopanda madindo, dzanja ndilo limasaka giya. Anthu ena amaona ngati kumeneku n'kutsalira, koma zosinthira zoterezi sizisankha kuchuluka kwa magiya kapena dzina la kampani, ndipo derailleur ikapindika pang'ono njinga itagwa, zimagwirabe ntchito. Ndiye chifukwa chake zipangizo za makampani osiyana ndi za zaka zosiyana zagwirizana panjinga imodzi.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Mawaya onse a mabuleki ndi magiya ndi atsopano pamodzi ndi zikopa zake. Matayala ndi a mamilimita 32, ndipo madigadi alowa n'kutsala kampata kokwana kachala. Kaliyala wakumbuyo ndi wachitsulo, womangidwa malo anayi. Chishalo chachikopa chimene chinabwera ndi njinga chinauma n'kung'ambika pa misomali, ndipo chikopa chofika pamenepo mafuta sachibweza. Ndaika Brooks B17, chishalo chimene chakhala chikupangidwa kuyambira zaka za m'ma 1890, podziwa kuti masabata oyamba chidzakhala cholimba chisanatenge maonekedwe a mwini wake. Ndodo ya chishalo yalowa itapakidwa gilisi wambiri.

Ulendo woyesera

Popanda katundu njinga inayenda mwakachetechete, yolemererapo pokhota koma yokhazikika. Tsiku lotsatira ndinaika makilogalamu 18 m'zikwama ziwiri zakumbuyo n'kupita kukaiyesa pa chikweza ndi chitsetse. Pokwera, giya ya 24 ndi 32 inachita zomwe masamu ananena: ndinafika pamwamba ndili chikhalire, ndipo chidendene sichinakhudze chikwama ngakhale kamodzi.

Potsika m'pomwe panaoneka china. Liwiro litafika cha m'ma makilomita 35 pa ola, mahandulo anayamba kunjenjemera uku ndi uku, poyamba pang'ono, kenaka mwamphamvu moti fulemu yonse inkagwedezeka pansi panga. Ndinapanikiza bondo pa paipi ya pamwamba ndipo kunjenjemerako kunaleka, n'kugwira mabuleki pang'onopang'ono mpaka kuima. Khalidwe limeneli limadziwika pa mafulemu akale achitsulo akalemedwa kumbuyo kokha. Paipi ya pamwamba ya nthawi imeneyo ndi ya mamilimita 25.4, yowonda poyerekeza ndi za njinga zamakono za maulendo, ndipo katundu akakhala m'mwamba ndi kumbuyo fulemu imapotokoka n'kubwerera ngati uta, wilo lakutsogolo lili lopepuka. Apa m'pomwe ndinamvetsa kuti timabowo tija ta pakati pa foloko sitinaikidwe ngati chokongoletsa. Ndinamanga kaliyala wam'munsi kutsogolo, n'kusamutsirako makilogalamu 8 a zinthu zolemera kwambiri, zitakhala mofanana mbali zonse ndi kufupi ndi ekiselo. Pa chitsetse chomwecho njinga inatsika mowongoka mpaka makilomita 45 pa ola, ndipo chiwongolero chinali cholemera koma chomvera.

Pomanga kaliyala ameneyu ndinazindikira kanthu kena kamene kanandiphonya poyamba. Nditanyamula kutsogolo kwa njinga n'kutembenuza mahandulo pang'onopang'ono, ndinamva kuti amakodwa pakati, ngati pali kadzenje komwe akufuna kukhazikika. Nditamasula headset, timbale tomwe foloko imazungulirapo, ndinaona timaenje tating'ono tondondozana pa kambale kam'munsi, pomwe timipira takhala tikugunda malo amodzimodzi kwa zaka zambiri. Pongoyembekezera ndachotsa kakhola kosunga timipira n'kuika timipira tapatokha, timene timalowa tochulukirapo ndipo sitigweranso m'maenje akale onse nthawi imodzi. Kukodwa kwachepa, koma headset iyenera kusinthidwa ulendo wa masiku atatu umene ndikukonzekera usanachitike.

Ndisanaitanitse yatsopano ndachotsa kambale ka pafoloko n'kuyeza pomwe kamakhala, chifukwa miyeso yofala ilipo iwiri: mamilimita 26.4, umene unafala ku Ulaya ndi kwina, ndi mamilimita 27.0, umene unali wa mafakitale a ku Japan. Ndayeza katatu, mbali zosiyana, ndipo katatu konse choyezera chaonetsa 27.0. Zikuoneka kuti njinga ya ku Britain ija inabadwira ku Japan. Nambalayi ndailemba papepala lapakhoma lija, ndipo mawa ndiyezanso m'kati mwa paipi yakumutu, popeza muyeso wa ku Japan umafuna timbale ta mamilimita 30.0 pomwe winawo umafuna 30.2.